AJaji Akana Unkhoswe

Scarborough, Toronto
Malichi 2024

Okondedwa achimwene a Austin,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga ndi ana onse kumeneko ku Linthipe. Bondo lija likukuvutanibe? Mwana wanu Hilda anandiuza kuti mankhwala amene ndinatumiza mumangowasunga m'kabati ngati zokongoletsa. Imwani, achimwene, sindinagulire kabati. Nanga chimanga chili bwanji, poti tikumva kuti mvula inadula pakati?

Ife kuno tilipo. Kuzizira kwayamba kuchepa, chipale chikusungunuka, m'misewu ndi matope okhaokha. Ine ndikugwirabe ntchito kunyumba yosamalira okalamba kuja, msana ndiwo ukudandaula. Thupi lili bwino ndithu, koma mtima ayi.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa ndimadzidziwa. Ndikanaimba, ndikanayamba ndi kukalipa n'kumaliza ndi kulira, inu osamva mutu wa nkhani. Ndijambula masambawa n'kutumizira Hilda pa foni, akuwerengereni pang'onopang'ono ngati magalasi anu atayikanso.

Ndinene mosapsatira. Mwana wanga Eunice ali pafupi kutaya banja ndi mwana yemwe, ndipo mng'ono wanu Douglas, nkhoswe amene munamupatsa, watigwiritsa fuwa la moto.

Mukukumbukira kuti pamene Eunice ankakwatiwa ndi Sydney, mnyamata wa ku Chipata uja, inu simunathe kubwera. Munaimba foni n'kunena kuti Douglas ndi malume ake chimodzimodzi inu, aime m'malo mwanu. Douglas anavomera ndi manja awiri. Nthawi imeneyo anali akadali loya.

Chinkhoswecho tinachitira m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chathu. Nkhuku zamoyo sakanatilola kulowa nazo, ndiye tinagula yootcha kale. Khasu lopereka kwa mkamwini tinalisowa mzinda wonse, mpaka tinagula kakhasu ka m'maluwa, anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma mwambo unachitika wonse. Douglas ndi a Matthew, malume ake a Sydney amene ndi nkhoswe wa kuchimuna, anang'amba nkhuku ija n'kudya pamaso pa anthu.

Atapukuta manja, Douglas analankhula Chichewa chimene sindinkadziwa kuti akadali nacho. Anauza anawo kuti ikabuka nkhani m'nyumba, khomo loyamba kugogoda ndi lake ndi la a Matthew. Anati asathamangire kwa maloya, chifukwa iye ndi loya ndipo amadziwa kuti banja likalowa m'maofesi amenewo silitulukamo lamoyo. Anthu anawomba m'manja. Ine mawu amenewo ndinawasunga, ndipo Eunice anawasunganso.

Sindikufuna kumuchotsera ulemu wake. Inu mumangomuona pa zithunzi atavala mkanjo wa ujaji, koma ine ndinamuona akukwera.

Ndinafika kuno ndi Eunice bambo ake atangomwalira, ndipo mapepala athu okhalira m'dziko muno anayendetsa ndi Douglas yemweyu. Ofesi yake inali kachipinda pamwamba pa malo ometera tsitsi, konkuno ku Scarborough. Anthu othawa nkhondo ndi mazunzo kwawo ankakhala m'masitepe kumudikira, a ku Congo, a ku Haiti, a ku Eritrea, ena osadziwa ngakhale moni wa Chingerezi. Iye chakudya chake chinali tiyi ndi buledi, galimoto analibe, ankapita kukhoti pa basi atakumbatira mafayilo. Banja lina litasowa kogona anabwera nalo kwa ine, ati achemwali, anthuwa angogona masiku awiri, anakhala mwezi wathunthu.

Tsiku loyamba la Eunice kusukulu anamuperekeza ndi iyeyo, m'chipale chofika m'mawondo, atamumanga mpango wake m'khosi. Mwanayo anakula akudziwa kuti ali ndi malume.

Patapita zaka zambiri za ntchito imeneyo, boma la dziko lonse la Canada linamusankha kukhala jaji. Si wa chigawo ayi, koma wa khoti limene limamva madandaulo a anthu amene akuti boma lawalakwira, monga okanizidwa kukhala m'dziko muno. Tsiku lolumbira ndinaliza nthungululu m'khoti momwemo. Azungu onse anatembenuka, mlonda anandiyang'ana, Douglas anangowerama akubisa kuseka.

Kuyambira pamenepo amagawa nthawi pakati pa Ottawa ndi kuno, koma milandu yambiri amamvera mumzinda muno. Mbiri yake ndi yabwino, sindinama. Amati salola munthu kudulidwa pakamwa asanamalize, ndipo chigamulo amachilemba moti mwini mlandu awerenge yekha n'kumva. Mnzanga wa kuntchito, mayi wa ku Ethiopia, atadziwa kuti ndine mlongo wake anandikumbatira akulira, chifukwa Douglas analamula kuti nkhani ya mchimwene wake imvedwenso. Tsiku limenelo ndinayenda ngati fulati yonse timakhalayi ndi yanga.

Tinaona kuti wayamba kusintha, koma tinkati ndi ntchito. Anatuluka m'gulu la pa foni la Amalawi. Pa maliro ankakhala kumbuyo, n'kuchoka anthu asanayambe kucheza. Mayi wina wa kutchalitchi anamupatsa ufa woyera wochokera kumudzi, iye anabweza chifukwa mwana wa mayiyo anali ndi nkhani ya mapepala. Tinkamuseka kuti aJaji amaopa ngakhale ufa. Sindinaganizepo kuti tsiku lina adzabweza mwana wa mlongo wake.

Tsopano ndifike pa nkhani yeniyeni.

Chaka chatha Sydney anapeza ntchito ina ku Calgary, kutali kwambiri ndi kuno. Anavomera asanamuuze mkazi wake. Eunice ndi namwino pachipatala china m'katikati mwa mzinda, malo amene anavutikira zaka, ndiye anakana kusamuka. Anakangana milungu ingapo. Mawu oipa anatuluka mbali zonse, chifukwa mwana wangayu pakamwa anatengera ine. Kumenyana kunalibe, chibwenzi chamseri kunalibe. Inali nkhani yoti ankhoswe akanaithetsa tiyi asanazizire.

Mu Novembala Eunice anandiimbira akulira, ine ndinamuuza zimene amayi athu akanandiuza. Ndinati tenga kachikwama ubwere kwa amako, ukhale phee, mwamuna akafuna mkazi wake atume nkhoswe. Anafunsa za Lindiwe, mwana wawo wa zaka zinayi. Ndinati msiye kwa bambo ake. Sukulu yake ili pafupi ndi nyumba yawo ku Markham, ine kuno chipinda chogona n'chimodzi, komanso mkazi akanyamula mwana ndiye kuti wathetsa banja, akamusiya ndiye kuti abwerera. Ndinawonjezera kuti mwamuna womusiyira mwana sabata imodzi amathamangira yekha kwa ankhoswe, tsitsi la mwana lili nyankhalala.

Inu mukanamuuza zosiyana, achimwene? Ndi mmene tinaonera kwathu, ndi mmene ine ndinachitira kawiri konse ndi malemu bambo ake, ndipo kawiri konse anabwera kudzanditenga.

Tsiku lomwelo Eunice atafika ndinaimbira Douglas. Ndinamufotokozera zonse, osabisa kanthu, kuti mwana wabwera kuno, Lindiwe watsala ku Markham, tikudikira a kuchimuna. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati zamumvetsa chisoni, ndipo ndi bwino Eunice aonane ndi loya wa za mabanja. Ndinaseka, n'kumukumbutsa kuti iye yemweyo ndi amene anatiletsa maloya pa chinkhoswe. Ndinati iwe ingoimbira a Matthew basi. Anati aona.

A Matthew anali ku Zambia ku maliro a mlongo wawo, ndipo anakhalitsa. Koma kodi ku Chipata kulibe foni? Douglas sanaimbe. Novembala anatha, Disembala analowa. Eunice ankapita kukaona mwana Loweruka lililonse, n'kubwerera kuno madzulo maso atatupa. Kangapo konse anafuna kubwerera kunyumba kwake, ine ndinkamuletsa kuti ukabwerera wekha ankhoswe asanakhale pansi, udzakhala wopepuka moyo wako wonse. Ndikamuimbira Douglas ankati ali ku Ottawa, ali ndi zigamulo zolemba, tikambirana.

Khirisimasi itayandikira, m'malo mwa nkhoswe kunabwera mapepala a kukhoti. Sydney anali ataonana ndi loya, anzake a kuntchito atamuuza kuti mkazi wamuthawa. Ankapempha kuti Lindiwe azikhala ndi iye, ndipo amulole kupita naye ku Calgary.

Apa ndiye tinathamangira kwa loya. Mayiyo atamva nkhani anagwira mutu. Anatiuza kuti kuno khoti limayang'ana kwambiri kumene mwana wazolowera, ndi amene wakhala akumudzutsa, kumudyetsa ndi kumugoneka. Sabata iliyonse imene Eunice anagona kwa ine inali ngati mwala woikidwa kumbali ya Sydney. Anafunsa ngati panalibe munthu wodziwa malamulo amene akanatichenjeza poyamba pomwe. Eunice anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Achimwene, Douglas ankadziwa. Tsiku loyamba lija, pamene anakhala chete pa foni, ankadziwa. Zinangofunika kunditsina khutu basi, kuti achemwali, Eunice akagone kumene kuli mwana wake, zotsalazo tikambirana. Sanatero. Zimenezi zimandiwawa kuposa zonse.

Mapepala aja atabwera ndinapsa mtima, ndipo ndinaimbira Sydney ndekha. Ndikudziwa kuti mpongozi salankhula ndi mkamwini nkhani zotere, koma nkhoswe anali atatseka pakamwa, ndikanatani? Ndinamuuza kuti asaiwale kuti malume ake a Eunice ndi ndani, ndipo kukhoti kumene akuthamangirako n'kwathu. Anali mawu a mkwiyo, amene mayi aliyense akananena. Iye anakawatula kwa loya wake.

Mu Januwale a Matthew anabwerako. Munthuyu ndi wamkulu weniweni, amagulitsa mankhwala mufamase ina ku Markham, salankhula zambiri. Anamukalipira Sydney kuti wadumpha ankhoswe ngati mwana wopanda kwawo. Kenako anatumiza mawu kuti tikhale pansi mwamwambo, ndipo tikamvana, mapepala aja akachotsedwa kukhoti. Sydney anavomera. Ndinaimbira Douglas, ndipo ndi pakamwa pake anati abwera.

Linali Loweruka masana. Ndinasinthanitsa shifiti ndi mnzanga, ndinakazinga mandasi, ndinabwereka mipando kwa oyandikana nawo. A Matthew anafika ndi mayi wina wachikulire wa kwawo, Sydney ali pambuyo. Mnyamatayo anavala jekete lomwe lija la pa chinkhoswe, ndipo anakhala pakona manja ali pakati pa mawondo. Ndinamuyang'ana n'kuona kuti wabwera wokonzeka kukalipiridwa n'kubwerera ndi mkazi wake.

Tinadikira. Tiyi anatha, ndinawiritsa wina. Tinakamba za kuzizira, za maliro a ku Chipata, za mitengo ya zinthu, mpaka nkhani zinatithera. Lifiti ikalira panja, tonse tinkatembenukira kukhomo.

Kenako a Matthew anatulutsa foni, anati mwina anzawo asochera kapena atsekeredwa ndi chipale, awaimbire. Anaikweza mawu kuti tonse timve, poti pa unkhoswe sipakhala zonong'onezana. Douglas anayankha. A Matthew anamupatsa moni mwaulemu, n'kunena kuti a kuchimuna tafika, tikudikira a kuchikazi.

Douglas anayankha m'Chingerezi, ndi mawu a kukhoti, osati aja timawadziwa. Anati sangakambe nkhani imene ili kale m'manja mwa khoti. A Matthew anati pepani, sitikufuna jaji, tikufuna nkhoswe. Ndiye mng'ono wanuyo anati zimene zinachitika tsiku lija zinali "a cultural ceremony", mwambo wongosangalatsa anthu, ndipo iye alibe udindo uliwonse m'banja limenelo. Anapempha kuti dzina lake lisatchulidwenso pa nkhaniyi, n'kudula foni.

Eunice anadzuka n'kulowa kubafa, anatsegula mpopi kuti tisamumve. Ine manyazi anandigwira moti sindinkadziwa koika maso. Pamaso pa eni ake a mwamuna, mwana wanga anasanduka wopanda mwini.

Ndinayesa kunena kuti tikambirane basi, ine ndilipo. A Matthew anapukusa mutu. Anati amandilemekeza, koma mayi sakhala nkhoswe wa mwana wake, ndipo iwo sangaweruze okha ngati kuti mtsikanayo anatoledwa pamsewu. Anavala zipewa zawo n'kutuluka. Sydney anaima pakhomo kanthawi akuyang'ana kubafa kuja, kenako anatsatira amalume ake. Mapepala anatsala kukhoti.

Ndinalumbira kuti sindidzamuonanso Douglas. Koma mwezi watha bungwe la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia linakonza chakudya cha masana chomulemekeza, poti kuno Febuluwale ndi mwezi wokumbukira mbiri ya anthu akuda. Anandiitana monga mlongo wake, ndipo anandisungira mpando kutsogolo. Ndinapita. Ndinkafuna ndimuone m'maso.

Holo inadzaza. Panali maloya, aphunzitsi a ku yunivesite, ndi anthu ena amene anawathandiza kale m'kaofesi kaja, ena atabwera ndi ana awo akuluakulu. Anawerenga mbiri yake yonse, kuyambira kusukulu ya pulayimale ya kwathu mpaka pampando wa ujaji. Bambo wina wa ku Congo anaimirira n'kunena kuti popanda munthuyu bwenzi ali m'manda. Zonsezo n'zoona, ndipo pena ndinapukuta misozi, ngakhale sindinkafuna.

Kenako aJaji anaimirira kuti athokoze. Wachinyamata wina anawafunsa kumene anaphunzira kuweruza modekha chonchi. Mukudziwa chimene anayankha? Anati sanaphunzire ku yunivesite ayi. Anati anaphunzira kwawo ku Dedza, kwa anthu otchedwa ankhoswe. Anafotokozera azunguwo mmene ali mwana ankabisalira kuseri kwa nkhokwe, kumvetsera achimwene ake a Austin ndi amalume akumva mbali zonse ziwiri. Anati nkhoswe sathawa nkhani, sasankha tsiku, ndipo sadzuka pamphasa anthu asanamvane. Anati Canada ili ndi zambiri zoti iphunzire kwa anthu amenewo.

Holo yonse inaimirira kuwomba m'manja. Dzina lanu linawomberedwa m'manja ku Toronto, achimwene, mwina mukondwe. Ine ndinakhalabe pansi. Nditatembenuka ndinaona a Matthew patebulo lachiwiri, nawonso ali chikhalire, manja atapinda pachifuwa.

Ndinamupeza kumene timapachika makhoti a mphepo, ali yekha. Anati achemwali mwabwera, n'kufuna kundikumbatira. Ndinabwerera m'mbuyo. Ndinamufunsa kuti unkhoswe umene amaugulitsa kwa azungu m'holomo ndi uti, ndipo umene anaukana m'nyumba mwanga ndi uti.

Anandikokera pambali n'kuyamba kufotokoza, ulendo uno m'Chichewa. Anati mawu amene ndinamuuza Sydney aja anafika kwa loya, ndipo loyayo akanatha kuuza khoti kuti banja la mkazi likuopseza ndi jaji. Anati akanakhala pampando m'nyumba mwanga tsiku lija, zikanamupweteka Eunice yemweyo, komanso iye akanaitanidwa kukayankha kwa akuluakulu oyang'anira khalidwe la majaji. Anati jaji saloledwa kupereka uphungu wa malamulo ngakhale kwa mbale wake, ndipo anthu ambiri amene nkhani zawo zili m'manja mwake akudalira kuti dzina lake likhale loyera.

Ndinamumvetsera mpaka kumapeto, monga amachitira iye kukhoti. Mwina zina n'zoona. Ine malamulo awo sindiwadziwa, ndipo ngati pakamwa panga panawononga, ndiye panawononga.

Koma ndinamufunsa mafunso anga. Ndinati mawu anga aja ndinawanena mu Disembala, nanga mu Novembala unali kuti? Kuuza mayi kuti akagone kumene kuli mwana wake, amenewo ndi malamulo a Canada kapena ndi nzeru za malume? Ndipo ngati unaona kuti mkanjo ndi unkhoswe sizikuyendera limodzi, bwanji sunaimbire achimwene ku Linthipe n'kuwabwezera udindo wawo, kuti atipatse munthu wina nthawi ikadalipo? Bwanji unati ubwera?

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Anati ankaganiza kuti anawo agwirizana okha. Kenako ananena motsitsa mawu kuti ankachita manyazi kukuuzani inu kuti walephera ntchito imene munamupatsa, ndipo mpaka m'mawa wa tsiku lija ankaganizabe kuti abwera.

Ndiye onani, achimwene. Munthu anasankha kuti mwana wa mlongo wake achite manyazi pamaso pa a kuchimuna, kusiyana n'kuti iye achite manyazi pa foni ndi mkulu wake. Ndinamuuza zomwezo. Anthu anabwera kudzajambulitsa naye, iye anavala magalasi n'kumwetulira, ine ndinatenga khoti langa.

Panja, ndikudikira basi, a Matthew anaimitsa galimoto n'kunditenga. Tili pafupi kufika anati nawonso sakugona nayo nkhaniyi, chifukwa Sydney waonda, ndipo za ku Calgary wazikankhira kutsogolo kawiri, zimene zikusonyeza kuti mtima wake sunapite. Anati ali okonzeka kukhalanso pansi kamodzi, khoti lisanakumane mu Epulo. Koma anati pakhale nkhoswe wamagazi, wotumidwa ndi mwini mbumba, osati mnzathu wa kutchalitchi wongobwereka. Loya wa Eunice nayenso akuti anawo akagwirizana okha, khoti silikakamiza mlandu.

N'chifukwa chake ndalemba. Mwini mbumba ndinu. Unkhoswe munaupereka ndinu, ndipo woulanda ndinu.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, muimbireni Douglas mumuuze kuti mwautenga. Musamukalipire, musamupemphe, ndipo musalole kuti akufotokozereni malamulo, chifukwa adzakuzunguzani mutu mpaka mudzamupepesa ndinu. Mungomuuza kuti katundu amene munamusenzetsa mwamutula.

Chachiwiri, mukhale nkhoswe inuyo. Ndikudziwa kuti simungakwere ndege ndi bondo limenelo, ndipo mapepala a ulendo sangatuluke msanga. A Matthew avomera kuti mukhale nafe pa foni ya kanema. Tapangana Loweruka lomaliza la mwezi uno, kuno kukakhala m'mawa, kwanuko dzuwa litapendeka. Hilda atchaje foni mokwanira, ndipo mukakhale pamene netiweki imagwira bwino, ngakhale kukhale kuseri kwa tchalitchi kuja. Muvale jekete. Ine ndidzaika foniyo pampando wakewake, moyang'anana ndi a Matthew, ndipo ndidzatuluka m'chipindamo ngati mwambo ukufuna choncho.

Musadzamukondere Eunice. Pamene analakwa mudzamuuze, ndipo za ine mudzanene zimene mukufuna, ndidzamva. Ngati banjalo latha, lithe anthu atakhala pansi, ndipo agwirizane za mwana ngati makolo. Chimene sindingapirire n'choti Lindiwe akwere ndege kupita ku Calgary chifukwa kuchikazi kunasowa munthu woyankha moni.

Loweruka lapitali Eunice anapita kukamuona monga mwa masiku onse. Pochoka, mwanayo anamuperekeza mpaka pakhomo, n'kumuuza m'Chingerezi chake chija kuti zikomo pobwera kudzationa, mudzabwerenso. Anaphunzira kwa bambo ake mmene amatsanzikira alendo. Eunice anafika kuno osavula ngakhale nsapato, anangokhala pansi m'khitchini.

Ndamva kuti Douglas akubwera kumudzi mu Ogasiti, ndipo a kusukulu akukonza zomulandira ndi magule. Musaletse. Wathandiza anthu ambiri, ndipo ana a sukulu aone kuti munthu wa kwathu angafike patali. Ndi mwana wa amayi athu, mumudyetse, mumuyalire pabwino, mumuperekeze kumanda akaone pamene anagona makolo.

Koma ikadzabuka nkhani ya mbumba iye ali pomwepo, kaya ya ukwati, kaya ya maliro, kaya ya munda, mudzamupemphe mwaulemu kuti apite akaone dimba. Nkhani za pabanja sitikamba pali alendo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti chitenje chija ndimavalabe kutchalitchi. Moni kwa Hilda ndi azing'ono ake, kwa azakhali a ku Mayani, ndi kwa onse ofunsa za ife. Eunice akupereka moni, ndipo akuti amalume asamutaye. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo ndi nzeru pa Loweruka limenelo.

Mundiyankhe msanga, ngakhale ndi mawu awiri okha kudzera kwa Hilda, kuti ndidziwe chowauza a Matthew.

Ndine mlongo wanu,
Zelipa